Machine learning pa deta ya pansi pa nthaka: muyambire pati

Mwafunsa ngati machine learning, njira yophunzitsira kompyuta kulosera kuchokera ku zitsanzo, ingakuthandizeni kumanga modelo ya miyala kuchokera ku mabowo omwe munaboola ndi miyeso ya geophysics (zomwe zida zimayeza pa miyala ya pansi pa nthaka). Ingathandize ndithu, koma ntchito yaikulu imachitika kompyuta isanaphunzire kanthu.

Yambani ndi mayina a miyala. Mabowo akalembedwa ndi anthu osiyana, mwala womwewo umapezeka ndi mayina atatu kapena anayi. Aphatikizeni kuti atsale magulu ochepa, mwina 5 mpaka 8. Kenako dulani deta yonse m'zigawo zofanana, za mita imodzi kapena awiri, ndipo onetsetsani kuti kuya kwa miyeso ya m'bowo ya gamma ray (cheza chotuluka m'mwala), density (kulemera kwa mwala poyerekeza ndi kukula kwake) ndi resistivity (momwe mwala umatchingira magetsi) kukufanana ndi kuya kwa core, mwala womwe munatulutsa poboola. Zikasemphana ngakhale ndi mita imodzi, kompyuta imapereka miyeso ya mwala wina kwa mwala woyandikana nawo.

Neural network, njira ya machine learning yofuna deta yambiri, musaithamangire ngati mabowo ndi ochepa. Njira yosavuta monga random forest ya mu pulogalamu ya scikit-learn, kapena XGBoost, ndi yokwanira.

Apa ndiye pamene ambiri amapusitsika: poyesa modelo, musagawe deta mwachisawawa. Zigawo zoyandikana m'bowo limodzi zimafanana kwambiri, kotero chimodzi chikalowa kophunzitsira china koyesera, modelo imangokumbukira, nkuoneka ngati yakhoza bwino. Gwiritsani ntchito GroupKFold, chida cha scikit-learn chogawira deta m'magulu, gulu likhale dzina la bowo, kuti bowo lonse libisidwe pophunzitsa nkukhala loyesera. Zotsatira zidzatsika, musadandaule, zoona zake ndi zimenezo. Onaninso confusion matrix, tebulo loonetsa miyala yomwe modelo ikusokoneza, chifukwa mwala wopyapyala, umene nthawi zambiri ndi womwe mukuufuna, umamizidwa ndi miyala yochuluka. Mu random forest ikani class_weight kukhala balanced, kuti mwala wochepawo usanyalanyazidwe.

Samalani ndi X, Y ndi Z, manambala osonyeza pomwe chigawo chilichonse chili. Mukazipereka kwa random forest, modelo imatuluka ndi malire owongoka ngati mabokosi, zomwe sizioneka m'miyala yeniyeni.

Deta ya maginito kapena resistivity ya pamtunda iyambe yadutsa mu inversion, kuwerengera kosandutsa miyesoyo kukhala chithunzi cha pansi pa nthaka, monga ya pulogalamu ya SimPEG. Dziwani kuti zotuluka zake sizionetsa malire akuthwa, ndipo mukamapita pansi zimanka zizimiririka.

Ma fault (ming'alu pomwe miyala inasuntha) ndi dongosolo la kusanjikizana kwa miyala muike nokha mu pulogalamu yomangira modelo ya miyala ya GemPy kapena Leapfrog, chifukwa random forest sidziwa kuti mwala uti unayamba kukhalapo. Zomwe yalosera zikhale zokuthandizani kujambula malire. Tulutsaninso predict_proba, yomwe imaonetsa mwayi womwe modelo ikupereka kwa mwala uliwonse: pomwe mitundu iwiri ya miyala ili ndi mwayi wofanana, bowo lotsatira mukaboole pamenepo.