Funsani Amakaniko: Muvi wa Spidomita Ukayamba Kuvina

*Amakaniko, ndili ndi Hilux yakale ya dizilo, yokoka ndi matayala onse, imene ndimanyamulira mpunga kuchokera ku Lifuwu. Muvi wa spidomita unayamba kunjenjemera, kuseri kwa dashibodi kukumveka kulira kwa tsweee. Pano wagoneratu pa ziro ndipo manambala a makilomita ayima. Ndigule kebulo ina? Wowerenga wa ku Kamuzu Road, Salima.*

Bambo, musathamangire kusitolo musanadziwe chimene chafa. Pa galimoto ngati yanuyi zinthu zimene zimayendetsa muvi ndi zitatu: kagiya kapulasitiki kamene kali kumbuyo kwa transifa (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) pomwe propshaft yakumbuyo (chitsulo chachitali chozungulira chopititsa mphamvu ku matayala) imayambira, waya wopota amene amazungulira mkati mwa chikopa cha kebulo, ndi mita yeniyeniyo, momwe maginito amazungulira m'kambale ka aluminiyamu n'kumakoka muvi. Poti muvi ndi manambala zayima limodzi, mita tiyambe taiika pambali. Ikanakhala kuti manambala akuwerengabe muvi uli chigonere, tikanati vuto lili m'mitamo.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, mupinge matayala, mulowe pansi. Kebulo imalowa m'transifa ndi nati yozungulira yokhala ndi mizeremizere. Imamasuka ndi dzanja kapena pulayala. Mukaimasula, gwirani nsonga ya waya wamkatiyo muikoke pang'ono. Ikangosololoka chidutswa, waya waduka. Ikapanda kusololoka, yang'anani nsongayo: imayenera kukhala ndi ngodya zakuthwa kapena kamphuno kolowa mu giya. Ikaperepeseka n'kukhala yobulungira, giya imazungulira yokha waya ali phee.

Nsonga ikakhala bwino, imangeni pa drilo ya batire, wina akhale pampando akuyang'ana mita. Yambani drilo ili pa rivesi. Muvi ukapanda kusuntha, yesani mbali inayo. Mamita ambiri a ku Japan anawapanga kuti waya akazungulira ka 637 pa mphindi muvi uziloza makilomita 60 pa ola, ndipo nambala imeneyi nthawi zina imalembedwa ting'onoting'ono m'munsi mwa nkhope ya mita. Choncho drilo yozungulira ka 400 pa mphindi iyenera kuonetsa pafupifupi 38. Muvi ukakwera bwinobwino osadumpha, kebulo ndi mita zili moyo, ndipo kwatsala kagiya kaja. Masulani kabawuti kamodzi kogwira kachitsulo kotsekera, muzule chisa chonse cha giyayo. Mano ake akadyeka pakati mudzaona okha. Pogula ina werengani mano, chifukwa yosiyana ngakhale dzino limodzi imanamiza liwiro.

Koma kulira munakumva kuja kukutiuza kuti waya anauma. Fumbi ndi madzi a m'zithaphwi zimalowera pomwe chikopa chang'aluka, girisi amasanduka phala la mchenga, waya n'kumagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya. Kuvina kwa muvi kumachokera pamenepo, ndipo mapeto ake ndi kuduka. Waya akapezeka wosaduka, musololeni (pa makebulo ambiri amatuluka mbali imodzi yokha), mutsuke ndi palafini, aume. Mugwireni nsonga zonse ziwiri alendewere ngati uta, mumupotokole ndi zala. Wabwino amazungulira mofewa. Akamadumpha ndiye kuti anapindika penapake, mutayeni. Popaka girisi, pakani wofewa, pang'ono chabe, ndipo masentimita 20 akumtunda muwasiye ouma kuti girisi asakwere kukamata maginito.

Chimodzi chimene ambiri amadumpha: musanamange kebulo yatsopano, lowetsani kachidutswa ka waya wakale kumbuyo kwa mita, mupotokole ndi zala. Kazizungulira mopepuka kwambiri. Mita yolimba imadula kebulo yatsopano pa masiku ochepa, ndipo ndalama imapita pachabe. Ndipo musazengereze nazo. Injini zakale za dizilozi zimafuna oilo watsopano pa makilomita 5,000 aliwonse, ndiye manambala atayima muziwerengera chiyani?

*Ndili ndi Land Rover Series III. Kebulo ndaika yatsopano koma muvi ukungosewerabe, makamaka ndikaponda mafuta kapena ndikachotsa phazi. Pa msewu wa M5 pakati pa Benga ndi Chia umachita kugwa mpaka pansi kenako n'kudzuka. Kodi anandigulitsa kebulo yabodza? Wowerenga wa ku Nkhotakota boma.*

Mwina wogulitsayo alibe mlandu, achimwene. Land Rover zamtunduwu zili ndi khalidwe lake. Giya yoyendetsa spidomita mkati mwa transifa siinakhomedwe pa shafti ndi kiyi; imangopanikizidwa ndi nati yaikulu yomanga flange ya kumbuyo (chitsulo chimene propshaft imamangiriridwapo), pakati pa dramu ya handibuleki. Natiyo ikakhwefuka, giya imaterereka pa shafti, ndipo muvi umagwa nthawi imene mphamvu ya injini ikusintha, ndendende momwe mwafotokozeramu. Kawirikawiri pamakhalanso kudontha kwa oilo pa dramupo.

Pingani matayala onse anayi musanakhudze kanthu. Tikunenetsa pamenepa chifukwa handibuleki ya galimotoyi imagwira pa propshaft, ndiye mukangomasula propshaft yakumbuyo galimoto imakhala yopanda chogwira, inu muli pansi pake. Ikani chizindikiro pa flange ndi pa propshaft kuti mudzabweze momwe zinalili, masulani manati anayi, mukankhire propshaft pambali. Zulani pini ya nati yaikuluyo, mukoke handibuleki kuti dramu isazungulire, mumange natiyo kufika 115 Nm pa sipanala yoyezera kulimba kwa nati, kenako muike pini yatsopano. Msomali si pini.

Nati ikapezeka yolimba kale, tsatirani njira imene kebulo yadutsa. Isapindike mwadzidzidzi paliponse; kukhota kulikonse kukhale kotakasuka, kosachepera kukula kwa mbale yodyera nsima. Italikirane ndi ekizozi, chifukwa kutentha kumasungunula pulasitiki wamkati. Muimangirire m'timakilipi take, koma osaifinya. Onaninso kutalika kwa waya wamkati: akatalika mopitirira amakankha mita n'kuiwononga, akafupika amatuluka m'malo mwake galimoto ikagwera m'dzenje.

*Pansi pa dashibodi ya Land Cruiser yanga pakudontha oilo wonunkha ngati wa giyabokosi. Akuchokera kuti? Mayi wa ku Senga Bay.*

Akukwera ndi kebulo ya spidomita, mayi. Kasili kakang'ono kotchinga oilo ka pa chisa cha giya ku transifa katha, ndipo waya pozungulira amapopa oiloyo kupita kumtunda. Uzani makaniko asinthe kasiliko pamodzi ndi kampira kozungulira chisacho, atsuke kebulo, aonenso ngati kabowo kopumira ka transifa sikanatsekeke ndi matope. Kakatsekeka, mpweya wotentha umakankha oilo kudutsa sili ngakhale yatsopano. Ngati muvi wayamba kukwera mwaulesi, oilo wafika kale m'mita ndipo iyenera kutsegulidwa.

*Apolisi apamsewu anandigwira ndi kamera pa Khombedza akuti ndimathamanga, pomwe muvi wanga umaloza pa liwiro loyenera. Spidomita ikuyenda bwino, sinjenjemera. Chimene ndinasintha ndi matayala okha, ndinachotsa 205R16 n'kuika 7.50R16. Dalaivala wa ku Thavite.*

Kamerayo sinaname. Spidomita siidziwa za msewu, imangowerenga kuzungulira kwa shafti. Tayala la 205R16 ndi lotalika pafupifupi masentimita 73, pomwe la 7.50R16 limafika cha m'ma 80. Likazungulira kamodzi limadya mtunda wochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kapena kucheperako pang'ono. Muvi ukaloza 50 inu muli pa 55, ukaloza 80 muli cha pa 87. Manambala a makilomita nawonso akuwerenga mopereweza, kotero oilo mukumusintha mochedwa.

Kebulo musaikhudze. Yesani mita yanu ndi GPS ya pafoni pamalo owongoka, wina akugwirireni foniyo, pa 40, 60 ndi 80. Chokonza chenicheni ndi kuika kagiya ka ku transifa ka mano ochepa kuti waya azizungulira mofulumirapo: ngati kanu kali ndi mano 20, funani ka 18, malinga kakhale kogwirizana ndi giya inzake ya mkati. Kakasowa, lembani manambala enieniwo pa kapepala, mumate pafupi ndi mita pomwe maso amafika.