Chithunzi cha Rembrandt chimene munagula ku London: poyambira

Mayi, zikomo pondilembera. Mwanena kuti zaka zinayi zapitazo munagula ku London chithunzi chodindidwa cha Rembrandt, wojambula wotchuka wa ku Netherlands, choonetsa kuukitsidwa kwa Lazaro. Tsopano katswiri wina akuti sichinadindidwe ndi Rembrandt mwiniwake, ndipo banja lina la ku Amsterdam lakulemberani kuti chinalandidwa kwa agogo awo a Chiyuda pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Apa pali milandu iwiri, musaiphatikize.

Woyamba ndi wa inu ndi wogulitsa. Rembrandt ankajambula pa mbale ya mkuwa, n'kudinda zithunzi zambiri kuchokera pa mbale imodzi. Atamwalira mu 1669 mbale zambiri zinatsala, ndipo ogulitsa zithunzi ngati Basan wa ku Paris anapitiriza kuzidinda patatha zaka zoposa 100, zina atazikonzanso poti zinali zitafufutika. Choncho chithunzi chikhoza kukhala chochokera pa mbale yeniyeni koma mtengo wake n'kukhala wochepa kwambiri. Onani lisiti lanu. Kodi analemba kuti chinadindidwa Rembrandt ali moyo, kapena anangolemba dzina lake? Mlandu wanu wagona pa mawu amenewo, potengera malamulo oteteza ogula a Consumer Rights Act 2015 ndi Misrepresentation Act 1967. Pezani katswiri wodziimira payekha aunike chizindikiro cha m'pepala ndi kufananiza chithunzicho ndi kaundula wa zithunzi zodindidwa za Rembrandt wa New Hollstein wa 2013.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi. Ku England mlandu wa mgwirizano umatha pakadutsa zaka 6 kuchokera tsiku logula. Pa mlandu wa Leaf ndi International Galleries mu 1950, wogula chithunzi chonenedwa kuti ndi cha Constable, wojambula wa ku England, anadandaula patatha zaka 5, khoti linati wachedwa kuchibweza. Lemberani wogulitsa sabata ino.

Za banja lija, ayankheni mwaulemu, chifukwa zimene zinachitikira mabanja ambiri nthawi imeneyo ndi zoona ndipo n'zopweteka. Komabe zithunzi za mtundu uwu zilipo zambiri zofanana, ndiye ayenera kusonyeza kuti pepala lanuli ndi lomwelo. Umboni umakhala kumbuyo: tizidindo ta eni akale, timene Frits Lugt, wosonkhanitsa zithunzi wa ku Netherlands, anayamba kutilemba m'kaundula mu 1921, manambala a pensulo ndi mabuku a okshoni. Musafufute kapena kumatula kanthu kalikonse.

Lamulo la Limitation Act 1980 likhoza kukutetezani ngati wina anachigulapo mosadziwa za kubedwa kwake zaka zoposa 6 zapitazo. Mfundo za ku Washington za 1998, zimene mayiko anagwirizana zokhudza zojambulajambula zolandidwa ndi chipani cha Nazi, sizikakamiza munthu wamba. Koma ndikuuzeni mosabisa: okshoni yaikulu siingalandire chithunzi chimene chili ndi dandaulo lotere, n'chifukwa chake nkhani zambiri zimathera pokambirana.

Pakali pano musachigulitse ndipo musachitulutse m'dziko. Funsani ku Art Loss Register, kaundula wa zojambulajambula zobedwa, ngati chinalembedwako, kenako mupite kwa loya wa nkhani za zojambulajambula mutanyamula lisiti, kalata ya banjalo ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri za pepalalo.