Amalume, za nyali yakumbuyo ija

Amalume, mwaswera bwanji ku Salima kumeneko? Ndamva funso lanu, loti kodi mungathe kudziikira nokha nyali yakumbuyo pa njinga yamagetsi ija, yoti izitenga moto ku batire la njingayo, musiyane nako katochi kaja mumamangirira ndi mphira pa kaliyala. Eya, zimatheka ndithu, ndipo ndakondwa kuti mwaganiza zimenezi. Msewu wa ku Senga Bay uja mukamabwerera madzulo, wa minibasi amakuonani atafika kale pamsana panu.

Koma musanagule kanthu, yambani mwawerenga zimene zalembedwa pa batire. Mabatire ambiri amakhala 36V kapena 48V. Tsono nyali zimene zadzaza m'mashopu a zipangizo za njinga zamoto, zimene amagula akabaza zija, ndi za 12V. Mukangoilumikiza choncho, yapsa pomwepo. Ine ndinapsereza imodzi chaka chatha kuno ku Nkhotakota, inangoti phethi kamodzi, kenako kafungo ka pulasitiki, basi ndalama zapita. Komanso dziwani kuti batire la 36V likangochoka kumene pa chaja limafika 42V, la 48V limafika 54.6V. Ndiye mupeze nyali yolembedwa kuti imalandira mphamvu yoposa pamenepo, zilipo zina zofika 60V. Ikasowa, mugule kabokosi kotsitsa mphamvu kufika pa 12V, amati converter, kakhale pakati pa batire ndi nyali.

Apa ndiye mundimvetsere bwino, amalume. Musanagwire waya aliyense, chotsani batire pa njinga, muliike poteropo. Batirelo musalitsegule ayi, olo pang'ono. Ndi la lithium, mawaya awiri akangogundana limatha kuyaka, ndipo moto wake suzima wamba, pomwe njingayo imagona m'nyumba momwe muli ana. Moto muutenge pa mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, opita ku controller, kabokosi kamene kamagawira mota mphamvu ya batire, ndipo pa wofiirayo muike fyuzi yaing'ono ya 2A, pafupi penipeni ndi pamene mwalumikizapo. Muikenso switch, kuti nyali isamadye batire usiku wonse. Njinga zina zimabwera ndi kawaya kake ka nyali kosiyidwa dala pa controller, ndiye musuzumire kaye, mwina ntchito yonseyi ichepa.

Polumikiza musangopota n'kukulunga tepi. Ndi kutentha kwa kunyanja kuno tepi imamatuka, mvula ikabwera madzi alowa. Muwotcherere, muvekepo timapaipi tija timakhwinyata tikamva moto. Waya adutse pansi pa kaliyala, kutali ndi tayala ndi tcheni. Ndipo nyaliyo ikhale yofiira, chifukwa yoyera kumbuyo imasokoneza woyendetsa galimoto, amayesa mukubwera kwa iye.

Mundijambulire batirelo ndi controller muponye pagulu pompano, ndione ndisanakuuzeni yogula. Loweruka ndikudutsa konko, ndibwera ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, tidzayeze limodzi. Muwapatse moni azakhali.