Za magemu pa befide ya mwana: muyambe mwawerenga mapadi

Achemwali, mwafunsa za munthu wobwera ndi magemu a pa TV kunyumba pa befide ya mnyamata wanu wa zaka 10, ana oitanidwa 20, kuno ku Lilongwe, komanso za keke ndi zokongoletsa. Za keke ndi mabaluni ayankhe ena. Ine ndikhudza za magemu zokha, chifukwa tinachitapo zimenezi kwa mwana wa mlongo wanga chaka chatha ndipo mutu unandiwawa.

Ndaona ena akukuuzani kuti "onetsetsani kuti ndi PS5". Zimenezo musadandaule nazo kwambiri. PS4 (makina a magemu a PlayStation 4) inatuluka mu 2013, PS5 (PlayStation 5) mu 2020, koma mwana wa zaka 10 akagwira padi (kaja kogwira m'manja posewera gemu) ali ndi anzake sasamala kuti makinawo ndi ati. Chimene chimasokoneza phwando ndi kuchepa kwa ma TV ndi mapadi. Tawerengani nokha. Gemu imodzi ya mpira, ija ana akuitchulabe FIFA ngakhale inasintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, mukaitchera mphindi 4 chigawo chilichonse, kuphatikiza kusankha matimu ndi kukangana kuti atenge Real Madrid ndani, imadya mphindi 12 kapena kuposa. Pa ola limodzi ndi magemu asanu. TV imodzi ndi mapadi awiri, ndiye kuti pa ola asewera ana 10 okha, kamodzikamodzi. Ana 18 nthawi iliyonse angokhala pansi kuonerera, ndipo mwana wodikira sadikira mwaulemu. Makina amodzi a PlayStation amalola mapadi anayi, choncho mufunse kuti abweretsa angati ogwira ntchito. Kwa ana 20, ine sindingavomere zochepera ma TV atatu ndi mapadi anayi pa TV iliyonse.

Mnyamata amene tinamupeza ife analonjeza ma TV awiri ndi mapadi asanu ndi atatu. Anafika mochedwa ndi ola lathunthu, ana atadya kale. Mapadi anabweradi asanu ndi atatu, koma awiri anali osatchaja, ndipo ina kandodo kake kanali kotha, wosewera amangothamangira kumanzere yekha. Kenako atayatsa makina achiwiri, gemu ija ana amaifuna inakana kutseguka mpaka itapanga update. Iye analibe intaneti. Ndinagula bandulo pafoni yanga, inatha update isanafike ndi pakati pomwe. Makina amenewo anagwira ntchito ndi gemu ina, ya akuluakulu, yoba magalimoto ndi kuombera anthu mumsewu, ana a zaka 7 akuonerera pakamwa yasa. Iye mwini ali pakhonde ndi mbale ya mpunga, akucheza pa WhatsApp. Mayi wina atabwera kudzatenga mwana wake anaima pakhomo kuyang'ana TV ija, sanalankhule kanthu, koma mwana wake sanabwerenso kudzacheza kwathu.

Ndiye nkhani ya mtundu wa magemu muigwire nokha, musamusiyire wobwereketsa. Ambiri mwa anyamatawa makina awo ndi omwe aja amaseweretsa mu game shop ya pamsika, ndipo muli zonse zimene makasitomala akuluakulu amakonda. Pa bokosi la gemu pamakhala nambala yosonyeza zaka zoyenera: GTA, Mortal Kombat ndi Call of Duty zambiri zili pa 18, Fortnite ili pa 12, Minecraft pa 7, ya mpira ija pa 3. Mumuuze akutumizireni mndandanda wa magemu pasadakhale, musankhe anayi kapena asanu, enawo asaoneke n'komwe. Fortnite ana aipempha ndithu, koma siyenda popanda intaneti yolimba, ndiye ngati mulibe Wi-Fi panyumba ingoikanani. Mukapeza wina amene ali ndi makina a Nintendo Switch ndi gemu ya mpikisano wa timagalimoto ya Mario Kart, mutengeni ameneyo. Mpikisano umodzi umatha mu mphindi zochepa, amasewera anayi pa TV imodzi, ndipo atsikana ndi tiana tating'ono amene mpira suwasangalatsa amalowa nawo. Vuto ndi loti kuno ambiri ali ndi PlayStation basi.

Chimene mukulipira kwenikweni ndi munthu woyendetsa masewerawo. Makina mungathe kubwereka kwa amalume ake a mwana ulere. Woyendetsa wabwino amalemba mayina a ana papepala, amawagawa m'magulu, amaitana otsatira, amaletsa kamnyamata kaja kodziwa kwambiri kumene kamakana kusiya padi, amaonetsetsa kuti mwini befide wasewera mokwanira. Mufunse mosabisa kuti akhala ndi ana nthawi yonse kapena angolumikiza mawaya n'kumapita. Pa ma TV atatu pakufunika anthu awiri. Ndipo ngakhale atabwera wabwino chotani, m'chipindamo mukhale munthu wamkulu wa pabanja panu. Ana a eni ake simungawasiyire mlendo amene mwangomupeza pa Facebook.

Za magetsi mukudziwa kale mmene timakhalira. Mufunse ngati amabwera ndi jenereta kapena inverter, ndipo mugwirizane kuti mafuta agula ndani, agulidwe dzulo lake, osati kukaima pamzere ku filling station ana akudikira. PS5 imodzi imakoka mphamvu yozungulira ma watts 200, TV pafupifupi theka lake, choncho jenereta yaing'ono ikwanira bola musalumikizepo ketulo kapena mbaula ya magetsi. Magetsi akabwerera mwadzidzidzi amatha kuwotcha makina, ndiye surge protector (pulagi yoteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu) abweretse yekha. Mawaya adutse m'mbali mwa khoma, asadutse pakati pamene ana akuthamanga. Musaike ma TV panja masana, ngakhale mutenti, chifukwa dzuwa likawala palibe chooneka.

Mtengo, ife tinalipira kwinakwake pafupi ndi K150,000 maola atatu, ma TV awiri aja, transipoti kuwonjezera padera. Ndi mmene kwacha ikuyendera, yembekezerani kuti akutchulirani kuposa pamenepo, makamaka Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Musalipire zonse pasadakhale. Perekani theka kapena kucheperapo pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, zotsalazo akamaliza. Zonse mwagwirizana zilembedwe pa meseji: nthawi yofika, kuchuluka kwa mapadi, magemu, ndi kuti maola ayamba kuwerengedwa pamene ana ayamba kusewera, osati pamene iye walowa pageti. Afike ola limodzi phwando lisanayambe, ayatse zonse inu mukuona, muyese padi iliyonse ndi manja anu.

Pali nkhani ina imene anthu saikamba mpaka zitachitika: padi ikasweka alipira ndani? Padi yeniyeni ya PS5 itangotuluka mu 2020 ku America inkagulitsidwa pafupifupi madola 70, ndiye ikafika kuno mukudziwa kuti si ndalama yamasewera. Mwana akagoletsedwa chigoli cha mphindi yomaliza amatha kuiponya pansi. Mugwirizane pasadakhale, ndipo mujambule mapadi onse asanayambe, kuti asadzakulipiritseni yomwe inabwera itatha kale. Chakudya chikhale chipinda china. Tchipisi, nkhuku ndi Kamba zimasiya mafuta m'zala, Sobo akatayikira pa makina nkhani yake ndi yaitali. Adye kaye, asambe m'manja, kenako magemu.

Amene akuti mungowatengera ana onse ku game shop ndi kubwereka malo onse kwa maola awiri sakunama, zimatchipa, ndipo jenereta imakhala yawo. Koma mukapite kaye mukaone nokha ngati pali chimbudzi chabwino, ngati akuluakulu ena sadzalowa nawo, komanso mmene ana 20 mudzawanyamulire. Ine pa msinkhu umenewu ndingasankhe kunyumba, ndi kuchepetsa oitanidwa kufika pa 12. Ngati 20 onsewo n'ngosachotseka chifukwa ndi a kalasi imodzi, ikani mpira weniweni ndi zigoli za njerwa pabwalo, gulu lina lizisewera panja pamene lina lili pa TV, muziwasinthanitsa pakatha mphindi 20 zilizonse.