Mwana akufuna kuphunzira za malasha, mayi musamuletse

Mayi ena a ku Tsangano andilembera kuti mwana wawo wa Fomu 4 akulimbikira zoti akaphunzire za malasha, ndiye iwo akudandaula kuti fizi yonseyi kodi mapeto ake akakhale owotcha makala? Mayi mtima pansi, zimene akunena mwanayo ndi uinjiniya weniweni.

Malasha mukawatenthetsa pamalo popanda okosijeni sayaka ayi, amangosweka mkati mwake n'kutulutsa gasi, phula ndi chotsala cholimba, ndipo kusweka kumeneku akatswiri amati pyrolysis. Zili ngati uvuni wa makala womwe amaukwirira ndi dothi kuti mphepo isalowe, koma apa chilichonse amachita kuyeza. Pofika madigiri 200 chimene chachoka kwambiri ndi chinyezi basi. Pakati pa 350 ndi 550 mpamene pamakhala nkhani, malasha ena amafewa n'kufufuma, phula limatuluka lambiri, ndiye mukapitiriza mpaka cha m'ma 1,000 gasi wa haidrojeni amatuluka ndipo chotsalacho chimauma gwa kukhala coke, amene amasungunulira chitsulo m'mafakitale akuluakulu.

Koma chimene ine ndimafuna ana azimvetsa ndi ichi, si kuchuluka kwa moto kokha ayi, komanso liwiro lake. Malasha omwewo mukawatenthetsa mwachangu amatulutsa phula ndi gasi wochuluka, mukapita nawo pang'onopang'ono chotsala cholimba ndiye chimachuluka. Ngakhale kukula kwa zibenthu kuli ndi gawo, chibenthu chikakhala chachikulu phula limachedwa kutuluka ndiye limaswekanso lili mkati momwemo, presha ikakwera ndi chimodzimodzi. Injiniya amalipidwa chifukwa chodziwa kusankha zimenezi malinga ndi chomwe fakitale ikufuna, akalakwitsa pang'ono ndi ndalama zambiri zapita mu utsi.

Za ntchito ndisakunamizeni, migodi yathu ya malasha ngati Mchenga ku Rumphi ndi yaing'ono, singalembe anthu ambiri. Koma mafakitale a simenti, a fodya ndi ena okhala ndi maboila amafuna anthu odziwa za kutentha, ndipo malasha a ku Moatize ku Mozambique amadutsa m'dziko muno pa sitima kupita ku Nacala. Nzeru yomweyonso imagwira pa mabriketi, makala oumba aja opangidwa ndi zitsononkho kapena makoko a mtedza, zomwe kwathu kuno zikufunika zedi ukaona mmene mitengo yathera m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu.

Mwanayo alimbikire Chemistry, Physics ndi Masamu pa MSCE, pamenepo osanyengerera. Ikafika nthawi yofunsira malo ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, ayang'ane Chemical Engineering ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, kapena za migodi ndi Metallurgy (za kuyenga zitsulo) ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, ndipo asanalembe fomu awerenge bwinobwino magiredi omwe kosi iliyonse ikufuna chaka chimenecho.