Kwa achemwali ofuna kuyendetsa mayi awo ku Scotland mu October

Achemwali, funso lanu ndaliona: mayi akubwera kuchokera kumudzi mu October, muli ndi masiku 5 opuma kuntchito, mukufuna kuwatengera ku Scotland akaone ma castle (malinga akale a mafumu), matauni ang'onoang'ono ndi madera akumidzi, ndipo mukufunsa ngati mubwereke galimoto kapena mukwere sitima kuchokera ku Manchester. Za visa ena ayankha kale pamwambapa. Ine ndilankhula za pamsewu, poti ndakhala kuno kufupi ndi Stirling zaka zingapo ndipo apongozi anga ndinawayendetsapo ulendo ngati womwewu.

Choyamba, zija akuuzani zoti Edinburgh, Loch Ness ndi Skye zonse mungamalize masiku atatu, musazitengere. Sindikukana kuti malowo ndi okongola, koma kuchoka ku Edinburgh kukafika ku Portree pa chilumba cha Skye ndi maola oposa 5 pagalimoto, kuposa ulendo wa Blantyre kupita ku Lilongwe, ndipo misewu yake ndi yokhotakhota. Mayi adzangoona Scotland kudzera pawindo, miyendo itatupa. Amene amalangiza zimenezi ambiri anapita ali anyamata okhaokha, m'mwezi wa July dzuwa likulowa cha m'ma 10 usiku. Inu mukupita ndi munthu wamkulu nthawi imene tsiku layamba kufupika.

Pezani malo ogona ku Stirling, mugone komweko masiku onse, muzipita kwina m'mawa n'kubwerera madzulo. Chikwama chimasulidwe kamodzi basi. Stirling ili pakatikati, sitima yochokera ku Glasgow Queen Street imatenga mphindi 30 kapena 40, yochokera ku Edinburgh pafupifupi mphindi 50. Chipinda cha anthu awiri m'nyumba zogona alendo chimakhala cha m'ma mapaundi 80 mpaka 120 usiku umodzi, koma pakati pa October masukulu a kuno amatsekera ndiye mitengo imakwera, sungitsani msanga. Posungitsa funsani momveka bwino ngati chipinda chili pansi. Nyumba zambiri zakale zilibe chikepe, ndipo masitepe ake ndi opanikiza.

Tsopano ndikuuzeni zimene zinatigwera, chifukwa n'zimene zandichititsa kulemba zonsezi. Unali mwezi wa November, tsiku Lamlungu. Ine, mayi a kunyumba ndi apongozi tinakwera sitima kenako basi kupita kumudzi wina kumpoto kwa Perth kuti tikaone nyumba ina yachifumu imene tinaiona pazithunzi. Titafika tinapeza geti lili lotseka, pali chikwangwani choti adzatsegula nyengo yozizira ikatha. Tinati palibe kanthu, tiyendeyende m'mudzimu. Pomwe imakwana 4 koloko kunja kunali kutayamba kale kuda, mvula yowaza ngati chiperoni cha ku Thyolo, koma yozizira kufika m'mafupa. Tinakaima pamalo okwerera basi. Ndandanda yomata pamtengo inali ya masiku a ntchito, ya Lamlungu inali pansi m'tizilembo ting'onoting'ono, ndipo basi yomaliza inali itadutsa kale. Kasitolo kotseka, malo omwera tiyi otseka, foni yopanda netiweki. Apongozi anali atavala nsapato zawo zopitira kutchalitchi, zitanyoweratu, akunjenjemera osalankhula kanthu. Anthu akuluakulu athuwa sadandaula, amangoti "tili bwino mwanangu" pamene zinthu zavuta, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Tinagogoda pakhomo la munthu wosamudziwa, mayi wachifundo amene anatiimbira takisi pafoni yam'nyumba. Takisiyo inabwera patatha pafupifupi ola lathunthu, ndipo inatidya mapaundi pafupifupi 60 kukafika pasiteshoni. Apongozi anagona ndi chifuwa sabata yonse yotsatira. Mpaka lero akamakamba za Scotland amayambira pa tsiku limenelo, osati pa zokongola zonse zimene anaona.

Choncho Lamlungu musapite kumidzi pabasi. Ndikubwereza, musapite. Komanso malo aliwonse amene mukufuna kukaona, yang'anani patsamba lawo la pa intaneti usiku woti mawa mukupita, osati mwezi umodzi m'mbuyo. Malo ambiri oyang'aniridwa ndi Historic Environment Scotland, bungwe losamalira malo akale, amasintha nthawi yotsegulira kuyambira pa 1 October, ena amatsekeratu mpaka kumapeto kwa March. Zaka zapitazi akhalanso akutseka mbali zina za ma castle kuti aunike miyala yam'mwamba imene ingagwere anthu. Ndipo Lamlungu lomaliza la October mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi, kuyambira pamenepo dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko. Ngati mungasankhe masiku, sankhani kumayambiriro kwa mwezi.

Lamlungulo khalani mu Stirling momwemo. Ngati mayi ndi a CCAP, apititseni ku Church of the Holy Rude, tchalitchi chakale chimene chili mmunsi pang'ono mwa castle ndipo anthu amapempheramo mpaka pano. M'menemo ndi momwe James VI anavekedwa ufumu mu 1567 ali khanda la chaka chimodzi, ndipo amene analalikira tsiku limenelo ndi John Knox, tate wa mpingo wa Presbyterian ku Scotland, umene CCAP inachokerako. James yemweyo ndi amene pambuyo pake analamula kuti Baibulo limasuliridwe m'Chingerezi, lija limadziwika ndi dzina lake, lotuluka mu 1611. Apongozi anga ndi a Mvano, atamva dzina la Knox anaima kaye chilili pakati pa mipando, kenako anayamba kuimba chapansipansi. Palibe castle imene inawakhudza ngati tchalitchi chimenechi.

Stirling Castle yokha ndi yoyenera tsiku lathunthu, ndipo kwa ine imaposa ya ku Edinburgh chifukwa kulibe chipwirikiti chokankhana. Inamangidwa pathanthwe lalitali, ukaima pakhoma lake umaona chigwa chonse cha mtsinje wa Forth ndi mapiri akumpoto, ndiye umamvetsa chifukwa chake ankailimbirana: aliyense wofuna kupita kumpoto ndi asilikali ankayenera kuolokera pomwepo. Mmunsimo ndi pomwe William Wallace anagonjetsa Angerezi pamlatho mu 1297, ndipo chakumwera pang'ono ku Bannockburn Robert the Bruce anawagonjetsanso mu 1314. Mary, mfumukazi ya ku Scotland, anavekedwa ufumu m'lingali mu 1543 ali ndi miyezi 9. Zipinda zachifumu anazikonzanso ndi utoto ndi nsalu zapakhoma monga zinalili kale, muli madenga ndi pokhala, choncho mvula ikagwa simuvutika. Tikiti ndi ya m'ma mapaundi 18 mpaka 20 munthu wamkulu, okalamba amawachotsera pang'ono, ndipo kugula pa intaneti kumatsikirako. Chenjezo ndi mtunda. Kuchoka pasiteshoni kukafika pageti ndi chitunda chenicheni, msewu woyalidwa miyala yoterera ikanyowa. Kwerani takisi pokwera, ndi mapaundi 6 kapena 8 basi, potsika mungayende pang'onopang'ono.

Wallace Monument, nsanja imene mudzaione paphiri kutsidya, ili ndi masitepe 246 ozungulira mopanikiza. Pali kabasi kaulere kochokera poimika galimoto kukafika patsinde pa nsanjayo, ndipo pamenepo pokha pamaoneka bwino mokwanira. Mayi asakwere. Doune Castle, pafupifupi makilomita 13 kuchokera ku Stirling, ndi linga lokongola la zaka za m'ma 1300 m'mbali mwa mtsinje, koma nayonso ndi masitepe okhaokha. Ngati maondo a mayi amavuta, isiyeni.

Tsiku lina pitani ku Dunkeld, komwe ndimakukonda koposa. Sitima yake ndi yodzera ku Perth, pafupifupi ola limodzi, mumatsikira pa siteshoni ya Dunkeld & Birnam n'kuyenda mwina mphindi 20 kuoloka mlatho wamiyala pamtsinje wa Tay. Tauniyo ndi yaing'ono, nyumba zoyera, ndipo kumapeto kwake kuli tchalitchi chachikulu chakale m'mphepete mwa mtsinje, mbali ina ndi bwinja, mbali ina amapempheramobe. Pansi ndi pathyathyathya, pali mabenchi, mitengo ikuluikulu. Mu October masamba amasanduka achikasu ndi ofiira phiri lonse, chinthu chimene kwathu timachiona pang'ono pokha mitengo ina ikamaphuka masamba atsopano. Munthu wamkulu amatha kukhala pabenchi ola lathunthu akungoyang'ana madzi. Ngati mphamvu zilipo, pitirirani pasitima yomweyo mpaka ku Pitlochry mukaone damu ndi makwerero amene anawamangira nsomba za salmon kuti zizikwera mtsinje. Blair Castle, yoyera ija, ili siteshoni yotsatira ya Blair Atholl, koma imatseka chakumapeto kwa October, ndiye onani kaye masiku.

Chimene chandidabwitsa n'choti pa mayankho onse pamwambapa palibe watchula Blantyre. Mayi achoke ku Malawi, afike mpaka ku Scotland, abwerere osaponda ku Blantyre weniweni? Ndi katauni wamba kummwera chakum'mawa kwa Glasgow, mphindi pafupifupi 20 pasitima kuchokera ku Glasgow Central, mumakwerera pamalo okwerera apansi pa siteshoniyo. Kuchoka pasiteshoni mumatsetsereka pang'ono kupita kumtsinje wa Clyde, n'kupeza nyumba yoyera yosanja yotchedwa Shuttle Row, momwe David Livingstone anabadwira pa 19 March 1813. Munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito pafakitale ya thonje, banja lililonse chipinda chimodzi. Chipinda cha banja lakelo mumalowamo n'kuona nokha kuchepa kwake, ndipo iye anayamba ntchito pafakitalepo ali ndi zaka 10. Mzinda wathu unatenga dzina kumeneko pamene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni mu 1876. Nyumbayi anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021, ndipo chimene ndinakonda n'choti tsopano akufotokoza bwino za Aafirika amene ankayenda naye, monga Susi ndi Chuma, amene ananyamula mtembo wake kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mu 1873 mpaka kugombe la nyanja yamchere. Kulowa ndi mapaundi osakwana 10, koma satsegula masiku onse, fufuzani. Mukanena kuti ndinu a ku Malawi mudzaona mmene nkhope za ogwira ntchito zimasinthira. Kufupi komweko, tsidya lina la Clyde, kuli Bothwell Castle ya miyala yofiira, koma ndi bwinja lopanda denga, pitaniko ngati kunja kwacha bwino. Dziwaninso kuti ku Glasgow sitima ya ku Stirling imafikira ku Queen Street, ya ku Blantyre imanyamukira ku Central, pakati pake mumayenda wapansi mphindi 10.

Za galimoto kapena sitima: malo onse ndalangizawa, kupatula Doune, Wallace Monument ndi Bothwell Castle, amafikika pasitima. Kwa anthu awiri gulani Two Together Railcard, ndi ya m'ma mapaundi 35 ndipo imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, ulendo wa Manchester wokha ungabweze ndalamayo. Imafuna zithunzi za nonse awiri, muyende limodzi, ndipo masiku a ntchito imayamba kugwira 9:30 m'mawa. Mukasankha galimoto, kuyendetsa ndi kumanzere ngati kwathu, koma msewu wa A9 wopita ku Pitlochry uli ndi makamera oyeza liwiro pamtunda wautali, kalata ya chindapusa imakupezani kunyumba. Timisewu takumidzi tina ndi tokwana galimoto imodzi, tili ndi malo opatukira apo ndi apo, amenewo si oimikapo galimoto kuti mujambule nkhosa. Ndipo malire a mowa kwa woyendetsa ku Scotland ndi otsika kuposa ku England, botolo limodzi lingakulowetseni m'mavuto.

Wina wanena kuti mugule mankhwala othamangitsa tizilombo touluka toluma totchedwa midges. Mu October tatha kale, ndalamayo muwagulire mayi nsapato zosalowa madzi ndi jekete ya mvula yokhala ndi chipewa. Ambulera mphepo ya pa Stirling Castle imaipinda. Chakudya kumidzi ndi vuto lina: makhitchini ambiri amatseka cha m'ma 8 usiku, malo a tiyi cha m'ma 4, ndipo supu ndi buledi zimakwana mapaundi 10 kapena 12 munthu mmodzi. Tengani fulasiki ya tiyi ndi kamba m'chikwama. Ngati mayi sagona bwino osadya nsima, funani nyumba yokhala ndi khitchini yanu ndipo ufa munyamule kuchokera ku Manchester.

Kenanso kamodzi: chenje cha ku Scotland chimabwera m'ndalama zapepala za mabanki a kuno, zooneka mosiyana ndi za ku England. Ndi mapaundi omwewo, koma masitolo ena ku England amazikana, ndipo kwathu kuzisintha n'kovuta kwambiri. Ngati mukufuna kuwapatsa mayi kangachepe kopita nako kumudzi, onetsetsani kuti ndi za Bank of England, za ku Scotland zithereni konkuno musanakwere sitima yobwerera.