Phewa langa linandidyera miyezi 19

Achimwene, nditangowerenga zoti mwatha miyezi 8 phewa likuwawa koma mukufuna kubayitsa jakisoni kuti mukakwere ndi chingwe thanthwe la Chambe kuphiri la Mulanje mu Julayi, thupi langa lachita tsemwe. Njira imeneyo ndinaidutsa ine.

Langa ndi lakumanja. Linayambira pakhoma lophunzirirapo kukwera ku Lilongwe konkuno, ndikugwira mwa kagwiridwe kamene timati gaston, chala chachikulu chitaloza pansi, chigongono chili kunja, phazi n'kuterereka. Ndinamva kuti thu mkatimu. Kuyambira tsiku limenelo ndikamakweza mkono chammbali, ukafika chapakati pankabaya ngati singano, ukapitirira m'mwamba n'kusiya. Usiku osagonera mbali imeneyo. Ndinapita kuchipatala china cholipira, sindichitchula. Anandijambula X-ray. Wachipatala uja anangoyang'ana chithunzi pawindo, ati fupa lili bwinobwino, kamweni mankhwala opha ululu a diclofenac. Sanandigwire. Ngakhale kundiuza kuti vulani malaya, ayi. Nditamufotokozera kuti ine ndimalendewera pamatanthwe ndi mikono, anaseka n'kundifunsa kuti kumeneko ndimakafunako chiyani. Mpaka lero ndikakumbukira kuseka kuja mtima umandiwawa. X-ray imaonetsa mafupa basi, minyewa yong'ambika siioneka, ndipo iye ankadziwa zimenezo kuposa ine. Ndalama analandira. Nditabwererako patatha miyezi 4 anandibaya jakisoni wa steroid, ululu n'kuzima ngati nyali. Palibe anandiuza kuti jakisoniyo amangotontholetsa kwa masabata angapo, chong'ambikacho chikadali pomwepo.

Kenako kunabwera mkulu wina amene ndinkamulemekeza kwambiri pa zokwerazi. Ati wokwera aliyense phewa limamuwawa, mukachita ulesi muiwala thanthwe. Ndinamumvera, n'kukonza ulendo wokakwera ku Mulanje. Iyeyo tsiku la ulendo sanabwere n'komwe.

Tinanyamuka ku Likhubula, m'munsi mwa phiri, kusanache, ine ndi mnzanga mmodzi, kukuzizira koopsa. Sitinapite kukhoma lalikulu lakumadzulo la Chambe, tinasankha thanthwe lalifupi loti tiyeserepo kaye. Pitch yachitatu, kutanthauza gawo lachitatu la thanthwelo, ndinkatsogola ndine. Dzanja lili pamwamba pa mutu mumng'alu, phazi ndaponda pandere, n'kutsetsereka pang'ono chabe, mwina kutalika kwa chikhatho. Thupi lonse linagwera pamkono umodzi. Ululu sunabwere msanga. Mkono unangofa, lende, ngati wa munthu wina. Ndinakwawa ndi dzanja lamanzere ndi mawondo mpaka pa anchor, pamene timamangirira chingwe kuthanthwe, n'kudzimangirira zala zikunjenjemera. Ndinakuwira mnzanga kuti bwera, chifukwa ndinkachita manyazi kunena kuti ndavulala. Mnzanga anayamba kukwera. Ndiye ndikati ndikoke chingwe, mkono sukupitirira pachifuwa. Iye akukwera, chingwe chikulendewera pakati pathu, chikunka chitalika. Ndikumumva pansipo akukuwa, "Koka! Koka, iwe!" Ndinayamba kukoka ndi lamanzere, kenako kuluma chingwe ndi mano kuti ndisunthe dzanja, mkamwa monse fumbi ndi choko, misozi ikutsika. Akanaterereka nthawi imeneyo akanagwa mamita angapo n'kukhulika pamwala chingwe chisanamugwire. Ali ndi ana awiri munthu uja. Atafika anandiyang'ana kumaso, sananene kanthu. Chiperoni chinali chitayamba kuphimba phiri. Tinatsika motsetsereka pachingwe, ma abseil atatu, mfundo iliyonse akundimangira ndiye ngati mwana. Mu minibasi yopita ku Limbe, tayala likagwa m'dzenje ndinkaluma kolala ya jekete kuti ndisakuwe.

Mantha atandigwira ndinalakwitsanso kwina. Ndinaumangirira mkono pachitenje miyezi 2, osaugwedeza. Unauma gwa. Chikwama m'thumba lakumbuyo osachifikira, neti ya udzudzu osatha kuipisa, malaya amandivula mayi a kunyumba. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinkakhala tsonga nditatsamira khoma, chifukwa ndikagona phewa limachita ngati athiramo makala.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wa physio, dokotala wa mafizo. Tsiku loyamba anatha nthawi yaitali akungondipinda mkono uku ndi uku, kundiuza kankhani apa, kanizani apa, n'kumayang'ana mmene fupa lakumsana la phewa likuyendera. Ananditumiza ku ultrasound ndipo anapeza kuti supraspinatus, mnyewa wa pamwamba pa phewa, yang'ambika mbali ina. Ndi iwowo anandifotokozera kuti phewa silili ngati chiuno. Mutu wa fupa la mkono umangokhala pakambale kosaya, ndipo chimaugwira ndi timinofu 4 timene amati rotator cuff. Ife okwera timakulitsa minofu yokokera, yamsana ndi yamikono, tina'ti timatsalira. Minyewa yake magazi amafikako ochepa, n'chifukwa chake imachedwa kupola. Mankhwala ake anali mphira wa chubu cha njinga. Ndinaumanga pachitsulo cha pawindo, thaulo yopinda m'khwapa, chigongono chomata kunthiti, n'kumakokera dzanja kunja pang'onopang'ono. Kenako kugona chammbali n'kumakweza botolo la madzi la theka la lita. Munthu amene ndinkapanga ma pull-up 15, kudzikweza pachitsulo ndi mikono yokha, botolo limenelo linkandinjenjemeretsa. Miyezi 3 yoyamba sindinaone kusintha kulikonse, ndinatsala pang'ono kusiya. Mwezi wachinayi ndinadzuka m'mawa n'kuzindikira kuti ndagonera kumanja usiku wonse. Kulendewera pamkono umodzi popanda mantha kunabwera patatha miyezi 19 kuchokera tsiku la gaston lija.

Ndiye Chambe muisiye chaka chino. Khoma lakumadzulo lija ndi mamita pafupifupi 1,700, mkono ukakuferani pakati palibe wokutsitsani msanga, ndipo pachingwepo simuli nokha. Ngati phiri mwalisowa, kwerani wapansi njira ya Skyline mukagone ku Chambe hut, chikwama chikhale chopepuka. Pezani wa physio amene akugwireni ndi manja, akakuyang'anani ali kuseri kwa tebulo tulukani. Mukayezetsenso shuga, chifukwa phewa louma lija limakonda kugwira anthu a shuga. Diclofenac musamamwe tsiku ndi tsiku, amawononga m'mimba, makamaka musanadye.

Koma musasiyiretu kukwera ayi. Kukhala pansi n'kumene kunandiumitsa ine. Pitani kumatanthwe a ku Nathenje, sankhani malo opendekeka oti mapazi azigwira ntchito, manja asapitirire kwambiri pamutu. Gaston, dyno (kudumphira pogwira) ndi zolendewera pansi pa thanthwe lochita ngati denga, zimenezo ayi. Kakuwawa pang'ono mukamapanga masewero si koopsa, chofunika n'kuona m'mawa mwake. Likadzuka loipa kuposa dzulo, mwapyola, chepetsani. Ndipo jakisoniyo, ngati usiku simukugona mpang'ono pomwe, bayitsani mmodzi kuti muthe kuyamba masewero a physio. Mmodzi yekha, chifukwa wobwerezabwereza amafooketsa minyewa, ndipo mukamva bwino chifukwa cha jakisoniyo musathamangire kukhudza chingwe.

Tandiuzeni, likubaya pati kwenikweni, kutsogolo kapena chammbali? Nanga dzanja mukalipititsa kumsana likufika pati?